Sewero likabwerezedwa, wosewera alipidwenso

Katswiri wa zisudzo wa ku South Africa, Shaleen Surtie-Richards, adapezeka atamwalira m'nyumba yogona alendo mumzinda wa Cape Town pa 7 Juni 2021, ali ndi zaka 66. Kumeneko adapitira ntchito, kukajambula sewero la pa kanema lotchedwa Arendsvlei. Andale adathamangira kupepesa, ndipo Pulezidenti Cyril Ramaphosa adalamula kuti boma lilemekeze maliro ake. Koma misozi isanaume, anzake a zisudzo adautsa nkhani imene akuluakulu sadafune kuimva pa siwa: mayiyu, amene nkhope yake inkadziwika pafupifupi khomo lililonse m'dziko la South Africa, adatha zaka zake zomaliza akulimbana ndi ngongole, ndipo ena mwa anzakewo adanena poyera kuti ngakhale ndalama ya kuchipatala inkamuvuta. Kuyambira pamenepo dzina lake limatchulidwa nthawi zonse anthu akamakangana za bilu yosintha lamulo loteteza ochita zisudzo kuti azilandira gawo la ndalama ntchito yawo ikaonetsedwanso, bilu imene yakhala ikungozungulira pakati pa Nyumba ya Malamulo, ofesi ya pulezidenti ndi khoti.

Ine mbali yanga sindibisa. Munthu amene wasewera mufilimu kapena m'sewero la pa wailesi yakanema ayenera kulandirako gawo nthawi iliyonse imene sewerolo laonetsedwanso, lagulitsidwa kunja kapena laikidwa pa intaneti kuti anthu azilipira poonera, ndipo gawo limeneli lichokere m'lamulo, osati m'chifundo cha bwana. Ndifulumire kunena kuti sindikutsamira pa umphawi wa Shaleen. Nkhani yachisoni imagwira anthu mtima sabata imodzi, kenako imazizira, ndipo wofuna kuitsutsa amangofunsa kuti ndalama zake adapita nazo kuti. Akadamwalira ali ndi nyumba zitatu ndi magalimoto asanu, mfundo yanga ikadakhala yomweyi: ntchito imene ikupitiriza kudyetsa ena iyenera kudyetsanso amene adaigwira.

Tiyambe ndi ntchitoyo. Shaleen adabadwa mu 1955 ku Upington, tauni ya m'mphepete mwa mtsinje wa Orange, kutali ndi nyumba za zisudzo za ku Cape Town ndi Johannesburg, pa nthawi imene boma la tsankho linkamuika m'gulu la makaladi ndi kumuuza kumene angakhale, kumene angaphunzire ndi khomo limene angalowere. Adayamba ndi uphunzitsi wa sukulu ya mkaka, zisudzo akungochita mwa chikondi, mpaka m'zaka za m'ma 1980 pamene siteji idasanduka munda wake. Mu 1988 adasewera ngati Fiela Komoetie mufilimu ya Fiela se Kind, nkhani ya mayi wachikaladi amene walera mwana wachizungu wotayika, kenako akuluakulu a boma n'kudzamulanda mwanayo chifukwa cha khungu basi. Kumbukirani kuti chaka chimenecho Nelson Mandela adali akadali m'ndende, koma filimu ya m'chinenero cha Afrikaans inkapempha azungu kuti aime mbali ya mayi wotere polimbana ndi boma la azungu anzawo. Kuti pempho limeneli limveke, pankafunika munthu woti womuonera asamukayikire ngakhale pang'ono, ndipo munthuyo adali Shaleen. Mu Epulo 1992 kanema wa M-Net adayamba kuonetsa Egoli, sewero loyamba la tsiku ndi tsiku la ku South Africa, ndipo iye adasewera ngati Nenna pafupifupi nthawi yonse mpaka sewerolo lidatha mu 2010. Adaonekanso m'masewero a pa kanema a Generations, 7de Laan ndi Villa Rosa, ndipo pa siteji adayenda m'matauni ambiri ali yekhayekha ndi sewero la Shirley Valentine m'Chiafrikaans, munthu mmodzi kugwira holo yonse usiku wathunthu.

Tsono apa pali kusiyana kumene mkangano wonsewu wagonapo. Shaleen akasewera pa siteji, ntchito inkathera usiku womwewo. Anthu agula matikiti, aonera, aomba m'manja, apita kwawo. Mwini holo akafuna ndalama ina mawa, ayenera kumuitananso ndi kumulipiranso. Kulipira kamodzi pa usiku umodzi kulibe cholakwa chilichonse. Koma akasewera pamaso pa kamera, ntchito ija simatha. Imakhala m'nkhokwe za kampani, ndipo ikhoza kutulutsidwa chaka chamawa, zaka makumi awiri zikubwerazo, kapena mwini nkhope ali kumanda, otsatsa malonda n'kulipiranso ngati kuti ndi yatsopano. Lamulo loteteza ochita zisudzo la ku South Africa lidalembedwa mu 1967, pomwe wailesi yakanema idafika m'dzikomo mu 1976. Ndiye kuti anthu a pa kanema akulamulidwa ndi lamulo limene lidabadwa zaka zisanu ndi zinayi kanemayo asanafike. Mu 2002 Nyumba ya Malamulo idakonzako lamuloli kuti oimba azilandira kenakake nyimbo zawo zikaseweredwa pa wailesi, koma ochita zisudzo adasiyidwa panja. Amalawi mfundo imeneyi si yachilendo kwa ife, chifukwa timadziwa kuti bungwe la COSOMA limatolera ndalama ku mawailesi n'kugawira oimba. Palibe amene amati woimba ndi wadyera akalandira ndalama imeneyi. Nanga bwanji mawu a woimba ali ndi mtengo tsiku lachiwiri, pomwe mawu ndi nkhope ya wosewera zimasanduka zaulere?

Otsutsa ali ndi mayankho, ndipo si onse opanda nzeru. Loyamba ndi la kontirakiti. Iwo amati Shaleen adali munthu wamkulu, adawerenga pepala, adasaina, adalandira ndalama imene adagwirizana, ndipo nkhani idathera pomwepo. Amapereka chitsanzo cha mmisiri womanga nyumba: akamaliza kumanga n'kulipidwa, sabwera mwezi ndi mwezi kudzafuna gawo la lendi. Amene adaika ndalama zake pachiswe ndi mwini nyumba, ndipo nyumbayo ikasowa alendi mmisiri sabweza kanthu. Chimodzimodzinso, sewero likakanika kukopa anthu wosewera sabweza malipiro ake, ndiye asafunenso gawo likachita bwino.

Chitsanzochi chimamveka bwino, koma chimagwa pa zifukwa ziwiri. Choyamba, wochita lendi safunsa dzina la mmisiri, ndipo khoma silisintha mtengo chifukwa cha amene adayala njerwa. Wa kanema akamabwereza Egoli, chimene akugulitsa kwa otsatsa malonda ndi Nenna, kutanthauza nkhope, mawu ndi kaseka ka Shaleen. Chotsanimo anthuwo, chotsala ndi mipando ndi makatani. Komanso nyumba imene mmisiri adamanga dzana simulanda ntchito ya lero, pomwe wosewera amapikisana ndi chithunzi chake chomwe: ola lililonse limene kanema wadzaza ndi sewero lakale ndi ola limene sadalembe munthu ntchito yojambula latsopano, ndipo amene wasewera munthu mmodzi kwa zaka zambiri amavutika kupeza gawo lina chifukwa opanga masewero amati anthu adamuzolowera kale. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, mawu akuti "adagwirizana" amakhala ndi tanthauzo pokhapokha munthu akakhala ndi mphamvu yokana. Ku South Africa ogula masewero akuluakulu ndi owerengeka: kanema wa boma wa SABC, e.tv ndi MultiChoice, mwini wa M-Net ndi DStv. Osewera ndi miyandamiyanda. Amene amaonera Generations adzakumbukira zimene zidachitika mu Ogasiti 2014, pamene osewera 16, kuphatikizapo Sophie Ndaba ndi malemu Menzi Ngubane, adanyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, makontirakiti a zaka zitatu ndi gawo la ndalama za kubwereza ndi kugulitsa sewerolo kunja. Onse adachotsedwa ntchito. Sewerolo lidaima kwa kanthawi, n'kubwereranso mu Disembala ndi dzina latsopano ndi nkhope zambiri zatsopano. Ngati anthu 16 otchuka kwambiri m'sewero loonedwa kwambiri m'dziko adachotsedwa tsiku limodzi, mtsikana wongoyamba kumene angauze ndani kuti ndime iyi ya kontirakiti sindikuifuna? Pamene mbali imodzi singakane, lamulo ndi limene limaika malire, monga momwe limachitira ndi malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba kapena wa kumunda.

Yankho lachiwiri limanenedwa monong'ona pa maliro koma mokweza pa Facebook: osewera amalandira zambiri, amangosakaza. Akadasunga, akadagula inshulansi ya chipatala, akadamanga nyumba za lendi. Pali osakaza m'ntchito iliyonse, ndipo sindikuti a zisudzo ndi angelo. Komabe tiyeni tione ndalama zimene zimatchedwa zambirizo. Mu Okutobala 2019 Vatiswa Ndara, mmodzi mwa osewera odziwika bwino, adalembera kalata yapoyera nduna ya zachikhalidwe Nathi Mthethwa, kunena kuti kampani ina idafuna kumupatsa R110,000 msonkho usanachotsedwe kuti ajambule sewero kwa masabata asanu monga mmodzi wa osewera akuluakulu, popanda gawo lililonse sewerolo likabwerezedwa. Kampaniyo idakana kuti imadyera osewera masuku pamutu. Munthu akasintha ndalamayi kupita ku makwacha akhoza kuimba mluzu, koma achotsepo msonkho, achotsepo gawo la ajenti womupezera ntchito, kenako afunse kuti ntchito ina idzabwera liti. Ikhoza kubwera mwezi wamawa, ikhoza kubwera chaka chamawa. Malamulo a ntchito a ku South Africa amatenga osewera ambiri ngati anthu odzilemba okha ntchito, choncho alibe tchuthi cholipidwa, alibe penshoni, alibe thandizo la chipatala lochokera kwa owalemba, ndipo sapindula ndi thumba la boma lothandiza amene ntchito yawathera. Mu 2020 matenda a Covid-19 atatseka nyumba za zisudzo ndi maholo, munthu ngati Shaleen, amene siteji idali pothawira kanema akasowa ntchito, adatsekeredwa makomo onse awiri. Ndipo ngakhale titavomera kuti wina adasakazadi, zimenezo sizifafaniza ngongole. Bwana sangakane kulipira mlonda ponena kuti malipiro a mwezi watha adamwera kachasu.

Yankho lachitatu ndilo lolemera, ndipo ndikhalapo pang'ono. Limachokera kwa opanga masewero ndi eni makanema, amene amati South Africa si Hollywood. Msika ndi waung'ono, wogawikana m'zinenero zambiri, ndipo sewero la m'Chiafrikaans kapena m'Chizulu silingagulitsidwe dziko lonse lapansi. SABC idafika populumutsidwa ndi boma ndi ndalama zokwana R3.2 biliyoni mu 2019, ndipo mu 2021 idachotsa antchito oposa 600. Makampani ang'onoang'ono opanga masewero amanena zoona akamati iwo si eni ake a zimene amajambula, chifukwa nthawi zambiri kanema amene wapereka ndalama ndiye amatenga umwini wonse. Amachenjezanso kuti makampani akunja amene amabwera kudzajambula ku Cape Town chifukwa n'kotchipa akhoza kusamukira kwina akaona kuti malamulo achuluka. Mapeto ake, amatero, masewero adzachepa, ndipo osewera omwewo amene timafuna kuwathandiza adzakhala pakhomo.

Mantha amenewa sindikuwapeputsa, koma akuyankha funso limene palibe adafunsa. Palibe akupempha kuti wosewera azilipidwa malipiro athunthu sewero likabwerezedwa. Chimene chikupemphedwa ndi gawo la ndalama imene yalowa. Sewero likagona m'nkhokwe osaonetsedwa, palibe wolipira kanthu. Likagulitsidwa motchipa, gawo likhala laling'ono. Likagulitsidwa modula, gawo likula. Kanema sabwereza sewero chifukwa chokonda mbiri yakale, amabwereza chifukwa ndi njira yotchipa kwambiri yodzazira ola limene otsatsa malonda alipira, ndipo kutchipako kumachokera pa kusalipira anthu amene akuoneka pa galasi. Ngati bizinesi ingayende pokhapokha wina asalipidwe, ndiye kuti wosalipidwayo ndi amene akuithandiza ndi ndalama zake mosadziwa. Komanso dandaulo la opanga masewero ang'onoang'ono likungotiuza kumene ngongoleyi iyenera kukatengedwa: kwa mwini umwini, amene akulandira ndalama ya malonda ndi ya olipira mwezi ndi mwezi, osati kwa amene adangolembedwa ganyu yojambula. Chodabwitsa n'chakuti SABC yomweyo, yosaukayo, ndi imene kwa zaka zambiri yakhala ndi ndime m'makontirakiti ake yolipira osewera sewero likabwerezedwa, ngakhale osewerawo amadandaula kuti ndalamayo imachedwa kapena kusafika kumene. Ngati wosauka adavomera mfundoyi pa pepala, olemera akukanira chiyani?

Za Hollywood nazonso tisamazinene ngati kuti kumeneko zidagwa kumwamba. Osewera a ku America adanyanyala ntchito mu 1960 kuti azilandira gawo mafilimu awo akaonetsedwa pa wailesi yakanema, ndipo amene ankatsogolera bungwe lawo nthawi imeneyo adali Ronald Reagan, munthu amene palibe angamunene kuti ankadana ndi eni chuma. Makampani adadandaula kuti agwa, koma sadagwe. Mu 2023 osewera adanyanyalanso kwa masiku 118, ulendo uno chifukwa cha makampani oonetsa mafilimu pa intaneti monga Netflix, amene malipiro awo a kubwereza adali ochepa kwambiri. Ku Britain bungwe la osewera la Equity lili ndi mapangano otere ndi makanema, ndipo masewero sadaleke kujambulidwa ku London. Ngakhale pangano la maiko la ku Beijing la 2012, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2020, limalola dziko lililonse kuika m'malamulo ake kuti wosewera azilandira gawo ngakhale atapereka umwini wake kwa wopanga filimu. Choncho kampani yakunja yojambula ku Cape Town siikukumana ndi chinthu chachilendo. Kwawo imalipira kale.

Pali malo amodzi pamene otsutsa ali ndi mfundo yeniyeni, ndipo ndi pa makontirakiti akale. Ramaphosa pobweza biluyi ku Nyumba ya Malamulo mu Juni 2020, chimodzi mwa zifukwa zimene adapereka chidali chakuti kukakamiza eni masewero kulipira pa mapangano amene adasainidwa kalekale kukhoza kukhala kuwalanda katundu mosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Mtima umafuna kuyankha kuti mlandu suola, koma kampani imene idagula umwini wa filimu zaka makumi atatu zapitazo idawerengera mtengo wake potengera lamulo la nthawi imeneyo, ndipo khoti silingangonyalanyaza zimenezo. Apa ndikuvomera kuti lamulo latsopano liyambire pa ntchito yatsopano. Komabe kuvomera kumeneku sikutanthauza kuti a m'badwo wa Shaleen angotayidwa. Mgwirizano wa ku America wa 1960 udakumana ndi vuto lomweli, ndipo udalithetsa motere: mafilimu atsopano azilipira gawo, pomwe pa mafilimu akale makampani adapereka ndalama ya nthawi imodzi imene idayambitsa thumba la penshoni ndi chipatala la osewera. Osewera akale ambiri adakwiya kuti agulitsidwa motchipa, ndipo mwina adali ndi chifukwa, koma thumba lija lidathandiza anthu ambiri pa ukalamba. South Africa ikhoza kuchita zofanana, ndipo makanema amene akudyabe za m'nkhokwe ndiwo ayenera kuthira ndalama yoyamba.

Ena amati njira yachidule ndi yakuti boma likhazikitse thumba lothandiza akatswiri okalamba, nkhani ithe. Ndi maganizo a mtima wabwino, koma akusamutsa ngongole kuichotsa kwa kampani imene ikupindula n'kuisenzetsa namwino ndi woyendetsa minibasi amene amakhoma msonkho. Komanso thumba la boma limafuna kuti munthu akagwade kwa nduna ndi kufotokoza umphawi wake, ndipo wosewera amene adadzudzulapo boma amadziwa yekha kuti pempho lake likathera m'kabati iti. Gawo lolembedwa m'lamulo silifunsa ngati munthu ndi wosauka kapena ngati amagwirizana ndi chipani cholamula.

Chotsala ndi nthawi, ndipo apa ndi pamene ndimakayikira amene amati iwo sakutsutsa, akungofuna kuti biluyi ikonzedwe bwino. Nyumba ya Malamulo idaivomereza koyamba mu Malichi 2019, Shaleen ali moyo ndipo akugwirabe ntchito. Pulezidenti adaisunga kwa chaka ndi miyezi, n'kuibweza mu 2020. Aphungu adaivomerezanso mu Febuluwale 2024, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho pulezidenti adaitumiza ku khoti loona za malamulo aakulu a dziko. Mbali ina ya kuchedwaku idadza chifukwa biluyi idamangiriridwa ku inzake ya umwini wa mabuku ndi nyimbo, imene ili ndi mikangano yakeyake yosakhudza osewera n'komwe. Bungwe la osewera la SAGA, limene wakhala akulitsogolera ndi Jack Devnarain, lakhala likupempha chinthu chomwechi zaka zonsezi. Tsono phatikizani kuchedwaku ndi mfundo imene ndavomera pamwambapa, yakuti lamulo latsopano silingabwerere m'mbuyo. Zikutanthauza kuti sewero lililonse limene lajambulidwa m'zaka zodikirazi, kontirakiti iliyonse imene mtsikana wongoyamba wasaina mwezi uno, zalowa m'nkhokwe pansi pa lamulo la 1967, ndipo zidzaonetsedwa mobwerezabwereza popanda womulipira kanthu. Eni makanema safunika kupambana mkanganowu ku Nyumba ya Malamulo kapena ku khoti. Chaka chilichonse chimene biluyi yagona pa tebulo, iwo amakolola masewero a chaka chathunthu amene sadzalipiranso mpaka kalekale.